CINGWE CIMENE PAULA SANADULE

Pali funso limene limveka kawirikawiri pa mabwalo a milandu, m'nyumba za ankhoswe ndi pakati pa akulu a mpingo: kodi mkazi wokonda mwamuna wace ndi mtima wonse akhoza bwanji kudzuka tsiku lina nanena kuti zatha? Ena ati nkusapirira. Ena ati cikondico cinali cabodza ciyambire. Koma ilipo nthano ya m'cithunzithunzi ca kanema imene iyankha mwa njira yina, ndipo iyenera kuganiziridwa ndi onse okhala m'banja ndi ofuna kulowamo.

Cithunzithunzico dzina lace Gaslight. Anacikonza George Cukor ku America m'caka ca 1944, potsata sewero la Patrick Hamilton wa ku England, limene linaonetsedwa koyamba mu 1938. Ingrid Bergman ndiye anali Paula, nalandira mphotho ya Oscar cifukwa ca nchitoyo. Charles Boyer anali mwamuna wace, Gregory Anton.

Paula anali mwana wamasiye, woleredwa ndi mbale wa makolo ace, Alice Alquist, woyimba womveka. Maiyo anaphedwa m'nyumba mwace mu London, wakupha osadziwika. Paula anatumizidwa ku Italy kukaphunzira kuyimba, nakomana kumeneko ndi Gregory, woliza piyano, wa mau ofewa ndi ulemu wambiri. Atadziwana masabata owerengeka okha anakwatirana, ndipo mwamunayo anamkopa kuti akakhale m'nyumba yomwe ija ya ku London. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'nyumbamo Gregory sanayambe ndi ndodo. Anapatsa mkazi wace kacitsulo kokometsera cobvala, nakabisa yekha, namuuza kuti wakataya cifukwa ali woiwalaiwala. Anacotsa cithunzi pa khoma, namnenera kuti ndiye wacibisa. Alendo ofika pakhomo anabwezedwa, ati mai sali bwino. Usiku wina Paula atakakamira kupita ku msonkhano wa nyimbo, mwamunayo anapeza wochi yace m'cikwama ca mkaziyo pakati pa anthu, ndipo Paula anaturuka ali kulira ndi manyazi. Potsiriza anamuuza kuti amace anafera m'nyumba ya amisala, ndi kuti iyenso alinkupita komweko.

Usiku uliwonse Gregory akaturuka, nyali za m'nyumba zinkazirala, ndipo pamwamba pa denga pankamveka mapazi. Nyali za masiku amenewo zinkayaka ndi mpweya wa gasi wodzera m'mpope umodzi; tsono wina akayatsa nyali m'cipinda capamwamba, zapansi zinkacepa mphamvu, monga madzi a m'mpope acepa pamene mnansi watsegula wace. Woyatsayo anali Gregory mwini, wolowa mobisika kukafuna miyala ya mtengo wapatali ya mai uja. Pakuti ndiye anamupha, dzina lace leni-leni Sergis Bauer, ndipo anali naye kale mkazi ku Prague. Wapolisi wa ku Scotland Yard, Brian Cameron, ndiye anabvumbula zonsezi. Pomariza Gregory ali womangidwa pa mpando, apempha Paula ndi mau okoma aja kuti atenge mpeni adule cingwe. Paula agwiradi mpeniwo, koma sadula. Aitana wapolisi kuti amtenge.

Nanga analekeranji kudula, popeza anamkonda kwambiri? Zifukwa zioneka zitatu.

Coyamba, anazindikira kusiyana kwa kusamala munthu ndi kusunga cuma. Anthu a ku Palabana, kum'mawa kwa Lusaka m'boma la Chongwe, kumene kwadziwika zaka zambiri ndi sukulu ya kuweta ng'ombe za mkaka, angamve ici msanga. Mlimi wabwino adzuka m'mamawa kukaona ng'ombe yace, aipatsa msipu ndi madzi, aitetezera ku nkhupakupa, aitsekera m'khola usiku. Palibe wonena kuti saisamala. Koma aisamala cifukwa ca mkaka, ndipo safunsa ng'ombeyo kumene ifuna kupita. Kwa ng'ombe nkoyenera kutero. Kwa munthu nkumcotsera umunthu. Gregory naye anali wosamala: sanafune kuti mkazi wace atope, kapena aturuke yekha, kapena abvutidwe ndi alendo. Koma cisamaliro cimene citseka zitseko zonse ndico khola. Cizindikiro ca cikondi coona nci: wokondedwayo akula, alimba mtima, acuruka abwenzi. Paula anali kucepa tsiku ndi tsiku, kufikira anaopa ngakhale wanchito wa m'nyumba mwace.

Caciwiri, mwamunayo anamlanda coonadi. Wakuba mbuzi alanda cinthu cimene munthu angagule cina. Koma wouza mnzace kuti cimene waona sanacione, ndi cimene akumbukira sicinacitike, alanda maso ndi nzeru zimene Mlengi anapatsa munthuyo kuti ayende nazo. Ukwati ndi pangano, ndipo pangano liimirira pa mau oona. Pamene mmodzi asanduliza bodza kukhala cakudya ca tsiku ndi tsiku ca mnzace, wapasula nyumba ndiye, ngakhale agonamo usiku uliwonse. Cinyengo ici ncofala kotero kuti dzina la cithunzithunzico linabala liu latsopano m'Cingerezi, lonena za kusokoneza mutu wa mnzako dala. Ndipo mu 2022 olemba buku la matanthauzo a mau la Merriam-Webster analisankha kukhala liu la caka cimeneco.

Cacitatu, panafika mboni. Miyezi yonse ija Paula anaona nyali zilikuzirala, koma popeza anali yekha anakhulupirira kuti wapenga. Usiku umene Cameron analowa m'nyumbamo, nayenso anaona nyali zilikuzirala, namuuza kuti maso ace sananame. Mau ocepawo anambwezera nzeru zace. Apa pali yankho la iwo ofunsa kuti, ngati anali kusautsidwa, anakhaliranji nthawi yonseyo? Munthu womangidwa motero sangathe kucoka asanadziwe kuti wamangidwa. Ndipo wommangayo ayamba ndi kupitikitsa onse amene akadamuuza. Mutu umodzi susenza denga.

Koma wina adzati: Kodi namwali salangizidwa kuti banja nkupirira? Kodi okwatirana salonjeza kukhala pamodzi m'zabwino ndi m'zoipa? Funso ili nlolemera, ndipo siliyenera kunyozedwa. Mabanja ambiri apulumuka cifukwa wina anaugwira mtima. Koma payenera kufunsidwa kuti copiriridwaco nciani. Cilala, matenda, kusowa mwana, kutha kwa nchito, ngakhale mkwiyo wa tsiku limodzi wotsatidwa ndi kulapa: awa ndi akatundu amene awiri asenza pamodzi. Koma pamene katunduyo ndi nkhanza imene mmodzi aikonza mwadala kuti aphwanye mnzace, kupirira kosalankhula sikuciritsa banja. Kungopatsa woipayo malo akucitira zoipa zambiri. Ndiponso kukhululukira ndi kumasula ndi zinthu ziwiri. Munthu akhoza kucotsa cidani mumtima mwace, osabwezera mpeni m'manja mwa amene anafuna kumuononga. Gregory sanalape pa mpando paja. Anangoyesanso mau okoma monga kale. Paula akadadula cingwe cija, akadamasula wambanda, nadzimanga yekha kaciwiri.

Nkoona kuti mlandu wa Paula unapepuka pakuti mwamunayo anali wakupha ndi wa mkazi wina, kotero kuti ukwatiwo unali wonyenga kuyambira tsiku loyamba. Akazi ambiri alibe cifukwa coonekera cotere. Wowamanga ndi munthu wolemekezeka pamudzi, kapena wokhala pa mpando wakutsogolo m'chalichi. Iye sazimitsa nyali, koma afufuza foni ya mkazi wace usiku, amlanda ndalama za mkaka ndi za ndiwo zimene wagulitsa pamsika, amletsa kukaona amace, nati zonsezi ndi nsanje ya cikondi. Aliponso amuna omangidwa comweco ndi akazi ao, amene acita manyazi kuulula.

Malamulo a maiko ayamba kuzindikira zingwe zosaonekazi. Malawi anakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006. Lamulo la Zambia la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi liwerenga kuzunza mtima ndi maganizo, ndi kumana munthu cuma comuyenera, pamodzi ndi kumenya. Ndipo lilola wozunzidwa kupempha bwalo la milandu kuti limteteze. Apolisi a Zambia ali nayo nthambi yothandiza ozunzidwa, yochedwa Victim Support Unit. Ku England ndi Wales, kuyambira 2015, wolamulira mnzace wa m'banja mwa kumpanikiza ndi kumuopseza akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 5, ngakhale sanamkhudze ndi dzanja.

Koma lamulo lifika mocedwa ngati anansi ali cete. Nkhoswe, mlangizi ndi mkulu wa mpingo ndiwo oyamba kumva dandaulo. Akangoti, Bwererani, mai, amuna onse ngotero, asanafunse bwino, atsimikiza bodza la wozunzayo, ndipo mkaziyo abwerera ali wokayika koposa kale. Nchito yao ndiyo kumva mbali zonse modekha, kuchula coipa dzina lace, kudzudzula wolakwa ngakhale ali wachuka, ndi kupezera woopsezedwa pobisala kufikira kulapa kwaoneka m'macitidwe, si m'mau okha.

Ndipo mwamuna aliyense adziyese yekha ndi mafunso awa: Kodi mkazi wace aseka momasuka iye alipo, kapena atonthola akamva mapazi ace pakhomo? Kodi ali nao abwenzi ambiri lero kuposa tsiku la ukwati, kapena atha onse? Wokhala m'nyumba cifukwa citseko ncokhoma ndi wandende. Wokhalamo citseko ciri cotseguka, ameneyo ndiye mkazi wa mwini nyumba.