Musagule puloti m'phiri, ana anga

Ana anga, inu amene mwayamba kugwira ntchito ndi kusunga kandalama koti mudzagule puloti, ndimvereni pang'ono. Ndikudziwa kuti lendi ikuwawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wa Blantyre wokha, ndipo aliyense wa iwo amafuna pogoneka mutu. Kufuna nyumba yakoyako si mlandu. Koma alipo malo ena amene sayenera kuikidwapo njerwa ngakhale imodzi: phiri, dambo, m'mphepete mwa mtsinje, ndi kabwalo kaja komwe ana a m'dera lanu amamenyapo mpira wachikulunga.

Ife amene tinaona phiri la Ndirande lisanametedwe mpala tikunka tichepa. Inali nkhalango yotetezedwa ndi boma, yodzaza ndi mitengo, yoti ukalowamo masana unkamva kuzizira. M'zaka za m'ma 1990, pa nthawi ya kusintha kwa ndale, anthu analowamo ndi nkhwangwa, ena akuti ufulu wafika. Posapita zaka zambiri phiri linatsala miyala yokhayokha. Pambuyo pa nkhwangwa panabwera khasu, pambuyo pa khasu panabwera maziko. Dothi lokokoloka linathera m'damu la Mudi, pomwe madzi ambiri amene mumamwa amachita kukankhidwa ndi makina kuchokera kutali ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire.

Za ku Soche mwaziona nokha. Nyumba zinkakwera phiri chaka ndi chaka, mzere wina pamwamba pa unzake, mpaka kulowa m'nkhalango yotetezedwa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku angapo osakata, dothi linakhuta madzi, ndipo phiri linagumuka. Matope, miyala ikuluikulu ndi zitsa zinatsikira ku Chilobwe anthu ali m'nyumba zawo. Mabanja athunthu anakwiririka. Achinyamata anzanu ankafukula ndi makasu ndi mafosholo, ena ndi manja, kufunafuna abale awo. Sindikuloza chala omwe anatisiyawo ayi. Ambiri anali anthu osauka amene anagula pomwe ndalama yawo inakwanira, kwa munthu amene anawatsimikizira kuti malowo ndi abwinobwino. Ndipo mvula ngati ija ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo. Koma kukanakhala kuti m'munsi mwa miyala ija munali nkhalango m'malo mwa makomo a anthu, maliro sakanachuluka chotero.

Tsono mvetsetsani mmene malo otere amapitira, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Simudzaona chikwangwani cholengeza kuti dambo lagulitsidwa. Mudzangoona tsiku lina tizikhomo tinayi tokhomedwa pakona, tomangidwa chingwe. Sabata yotsatira pali mulu wa mchenga ndi uvuni wa njerwa. Loweruka usiku akumba maziko, Lamlungu inu muli kutchalitchi khoma lafika pawindo. Mukafunsa, akuyankhani kuti "ndinagula kwa amfumu, kalata ndili nayo." Dobadoba amene anatenga yake wazimiririka kale, ndipo mwina puloti yomweyo waigulitsanso kwa anthu ena awiri. Nyumba ikangofoleredwa malata, muli ana akugonamo, palibe amene ali ndi mtima woigwetsa, ndipo woyandikana naye amati, nanga ine ndalakwa chiyani? Choncho nthawi yolankhula ndi tsiku lomwe mwaona zikhomo, khasu lisanalowe pansi.

Polankhulapo musapite ndi miyala kapena zikwanje. Yambani mwafufuza kuti malowo ndi a yani. Kukhonsolo ya mzinda kuli mapu osonyeza malo omwe anasiyidwa kuti akhale opanda nyumba. Kafunseni, muone ndi maso anu. Nkhalango zotetezedwa zili pansi pa lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwanso mu 2020, ndipo mfumu kapena mkulu wa chipani alibe mphamvu yogawa malo m'menemo. Lembani kalata, musaine anthu ambiri, ina ipite kwa khansala wanu, ina ku ofesi ya zankhalango, ina musunge. Jambulani zithunzi pa foni. Mukapita nokha adzakuuzani kuti mubwere mawa; mukapita ndi amayi a m'dera, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, adzakupatsani mpando.

Chinanso, malo amene akuoneka ngati alibe mwini ndiwo amayamba kubedwa. Taganizirani za kumanda kumudzi kwanu. Mitengo yonse ya m'mudzi ingathe, koma msitu wa kumanda umakhalabe uli chiimire, popanda mpanda kapena mlonda, chifukwa aliyense amadziwa kuti ukaudula mudzi wonse udzakufunsa. Bwalo lanu lisamakhale tchire lotayirako zinyalala. Tchetchani udzu, imikani magolo, makwaya aziphunzirirapo nyimbo, agogo azikhala pamthunzi. Nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, dzalani mbawa, msambamfumu, mthethe ndi katope m'mbali mwa madzi. Koma kudzala n'kosavuta. Ntchito ili mu Seputembala ndi Okutobala, pamene mbande ifuna kuthiriridwa, kutetezedwa ku mbuzi ndi kulambuliridwa kuti moto usaipeze.

Musaiwalenso kuti woteteza phiri ayenera kuyankha funso la mnzake wosowa pokhala. Pamisonkhano ya chitukuko funsani khonsolo ndi bungwe la Malawi Housing Corporation kuti mapuloti ovomerezeka, okhala ndi misewu ndi madzi, otsika mtengo, ali kuti. Popanda zimenezo anthu adzapitirizabe kukwera m'mapiri, kaya alonda achuluke bwanji.

Ndipo iwe mwana wanga amene ndalama yako yakwana, usalipire usanapite kukhonsolo kukatsimikiza za malowo. Kawaone mvula ikugwa, uone kumene madzi amadzera, uyang'ane chimene chili kumtunda kwako, ufunsenso amayi okhala pafupi kuti chaka cha Freddy madzi analekeza pati. Ukamva kuti pamenepo nthawi ya dzinja pamatumphuka kasupe, tenga ndalama yako ubwerere nayo kunyumba.