KODI KHUTU LIRI NDI MLANDU?

Masiku ano m'midzi mwathu nkhani zaculuka koposa cimanga. Kale munthu wofuna kumva za ku Boma anadikira mthenga wa mfumu, kapena mlendo wobwera ku Halale. Koma lero wailesi ilankhula m'nyumba iri yonse, ndipo lamya ya m'manja itula mau a ku Lilongwe pa mphasa ya nkhalamba dzuwa lisanaturuke. Nyengo ya cisankho ikayandikira, amuna awiri a mudzi umodzi, akumwa pa citsime cimodzi, amakhala pa khonde nakangana kufikira madzulo; wina ati mtsogoleri wakuti ndiye atate wa dziko, mnzace ati yemweyo ndiye mbala yaikuru. Ndipo mukawafunsa kumene anazitenga, yense ayankha ndi mau amodzi, Ndinamva.

Tsono funso limene tiliika pa bwalo mwezi uno ndi ili. Wonena bodza, tonse tibvomera kuti ali ndi mlandu. Nanga iye wakumva bodzalo, nalilandira ndi manja awiri, nalisenza kukatula pa khomo la mnansi wace, kodi ameneyu ali wosalakwa?

Tisanayankhe tiyambe taona umo nkhani ya ndale inyengera anthu. Ndipo sitisowa kunka kutali, pakuti dziko lathu lomwe linaziona izi kawiri m'masiku a makolo athu.

Pa 3 Marichi 1959, m'zaka za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko liri m'cipolowe, nagwira atsogoleri a Congress, ndipo Dr. Banda anamtengera ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Tsiku lomwelo m'Nyumba ya Malamulo ya ku London nduna za Boma zinanena kuti a Congress anapangana ciwembu cakupha Azungu, Amwenye, ndi atsogoleri acikuda osabvomerezana nao; ndipo zinafanizira ciwembuco ndi nkhondo ya Mau Mau ya ku Kenya, imene mantha ace anali asanacoke m'mitima ya anthu a ku Britain. Nyuzipepala zambiri zinabukitsa mbiriyo monga cinthu cotsimikizika. Pansi pa mthunzi wa mbiri imeneyo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndi anthu 51 anaphedwa, mwa iwo 20 pa doko la Nkhata Bay tsiku limodzi. Mzungu sanafe ngakhale mmodzi.

Pambuyo pace Boma la Britain linatuma woweruza Patrick Devlin ndi anzace atatu kudzasanthula cimene cinacitika. Iwo anayendayenda m'dziko, nalowa ndi m'ndende momwe, namva mboni mazanamazana. Ndipo m'mwezi wa Julayi caka comweco anaturutsa zimene anapeza. Anapeza kuti msonkhano wa kuthengo unacitikadi pafupi ndi Blantyre pa 25 Januwale, kuti Dr. Banda sanalipo, ndi kuti mau aukali akumenya ndi akupha ananenedwadi kumeneko. Koma ciwembu cokonzeka cakupulula anthu, monga anacisimba ku London, sanacipeza. Boma silinakondwera nao mau awa, ndipo linakana ambiri a iwo.

Taonani bwino apa, abale, pakuti pali phunziro. Mbiri ija siinali bodza kuyambira kumutu kufikira kumcira. Munali kambeu ka coonadi m'kati mwace: msonkhano unalipo, mkwiyo unalipo. Koma osimba anatenga kambeuko, nakathirira ndi mantha a ku Kenya, nasiya kuchula madandaulo a anthu okana Citaganya, kufikira kambeu kanasanduka mtengo wakuphimba dzuwa. Umu ndimo icitira nkhani yokopa. Mai wopeta ndi licero ataya gaga nasunga mphale. Koma wosimba wocenjera apeta nkhani mwa njira yace, nasunga zokhazo zakumthandiza, nataya zomtsutsa, ndipo ciri conse cotsala m'licero mwace angathe kulumbirira kuti ncoona.

Kapena wina adzati, Amenewo anali alendo, cifukwa cace anatinamiza. Imvani tsono ya ciwiri. M'mwezi wa Meyi 1983, dziko litadzilamulira zaka 19, anafa amuna anai omveka: nduna zitatu, ndizo Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu wa ku Chikwawa, David Chiwanga. Masiku amenewo wailesi m'dziko inali imodzi yokha, ya MBC, ndi nyuzipepala zazikuru zinalankhula ndi pakamwa pa cipani cimodzi colamula. Anthu anauzidwa kuti amunawa anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza alikuthawa m'dziko. Ambiri anakaika m'mtima, koma wokaika anatseka citseko asananong'oneze mkazi wace. Zinapita zaka 11. Ndipo m'caka ca 1994, litalowa Boma lina, bungwe lofufuza linamva mboni, nilipeza kuti amunawa anagwidwa ku Zomba, naphedwa ndi apolisi, ndi kuti galimoto anacita kuigwetsa kuti ioneke ngozi. Tiyenera kunenanso ici, kuti ifenso tingapete nkhani mwa njira yathu: pamene Dr. Banda ndi ena anazengedwa mlandu wakulamula imfayo, bwalo linawamasula m'mwezi wa Disembala 1995, popeza umboni wakuwamanga iwo sunakwanira.

Cotero iwo amene ananamiziridwa m'caka ca 1959, atakhala pa mpando, dziko lao lomwe linamva mbiri yopeka m'caka ca 1983. Nthenda iyi siisankha khungu kapena cipani. Ng'oma ilira monga afuna woipanira m'miyendo. Ndipo munthu ali yense wokhala ndi mphamvu, kapena woifunafuna, ayesedwa kuiomba mokomera iye mwini. Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 Juni 1993 nyuzipepala zinaphuka ngati bowa wa m'dzinja, ndipo pambuyo pace mawailesi anaculuka. Ici ndi cokoma ndithu, pakuti khoswe wa padenga aulula wa padzala, ndi cimene wina abisa mnzace acibvundukula. Koma zambiri za nyuzipepala zija zinali ndi eni ace a ndale, yense ndi ng'oma yace. Ndipo kuculuka kwa ng'oma pakokha sikupatsa munthu nzeru yakuzindikira yolira zoona.

Pamenepo ena, atapsa kawiri, anati m'mtima mwao, Onse ngabodza. Sitidzakhulupiriranso wailesi, kapena nyuzipepala, kapena munthu wa Boma. Mau awa amveka ngati nzeru, koma ali dzenje lina lakuya koposa loyamba. Pakuti mtima wa munthu sukhala wopanda kanthu. Akaingitsa amithenga onse pa khomo, mphekesera ilowa pa zenera. Tinaziona m'caka ca 2017, pamene mbiri ya anamapopa inawanda ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, kufikira ku Blantyre. Akuru a Boma ndi a cipatala ananena kuti palibe munthu anapezeka atapopedwa mwazi, koma anthu anali ataleka kale kuwamvera. Anachinga miseu, nagona panja usiku, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi makamu, ena cifukwa cokha cakuti anali alendo pa mudzi. Woyamba mbiriyo sadziwika. Koma mwala uli wonse umene unaponyedwa unadzera m'makutu ambiri ndi pa milomo yambiri ya anthu amene sanaona kanthu ndi maso ao.

Apa funso lathu liyamba kuyankhika. Bodza liribe miyendo yace, libwereka yathu. Wolipeka ali mmodzi kapena awiri, koma olisenza ali zikwi. Ndipo lero, pokhala cala cimodzi pa WhatsApp kapena pa Facebook cikhoza kutumiza mau kwa anthu zana m'kamphindi, wosenza aposa wopeka pa liwiro. Munthu wogula mbuzi yakuba pa mtengo wocepa, osafunsa kumene yacokera, sitimuyesa wosalakwa konse, ngakhale sanathyole khola ndiye. Momwemonso iye wolandira mbiri yoipitsa mnzace, osafunsa kumene yacokera, cifukwa yamkomera m'khutu.

Pakuti tinene zoona, abale: nkhani zambiri sitizikhulupirira cifukwa ca umboni wace, koma cifukwa zigwirizana ndi cimene mtima unafuna kale. Akanena coipa ca mtsogoleri wa kwathu, wa mtundu wathu, wa cipani cathu, tipfuula, Umboni uli kuti? Koma akanena coipa comweco ca mtsogoleri wa cigawo cina, timeza osatafuna. Osimba ocenjera adziwa cofooka ici, natiphikira ndiwo zimene tizikonda. Cifukwa cace nkhani yoyenera kuiopa koposa ndiyo yakutikondweretsa, yonena kuti ife ndife olungama ndi iwo aja ndiwo afiti. Nyambo yokoma ndiyo ibisa mbedza.

Nanga ticitenji? Makolo athu sanadziwa nyuzipepala, koma anadziwa bwalo. Ndipo nzeru ya pa bwalo itikwanira. Nyakwawa yanzeru siimati mboni zonse nzoona, ndipo siimati mboni zonse nzabodza, pakuti pa njira zonse ziwiri mlandu sukadatha. Imafunsa mboni, Kodi unaona ndi maso ako, kapena unacita kumva? Pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Imafuna kudziwa ngati mboniyo ndi mbale wa wodandaula, kapena idya m'nkhokwe mwace. Siigamula isanamve mbali yinayo. Ndipo imakumbukira mbiri ya munthu: uyu ananamapo caka catha, uyo sitinamgwirepo bodza. Mafunso omwewa tiwafunse kwa wailesi ndi kwa nyuzipepala. Mwini wace ndani, ndipo adya kwa yani? Kodi wochulidwa m'nkhaniyo anampatsa malo akuyankha? Kodi achula dzina la wonena, tsiku ndi malo, kapena angoti anthu ena ati? Kodi wosimba wina, wosadya m'mbale imodzi ndi uyu, anena zomwezo?

Ndipo pali cizindikilo cimodzi coposa zonse cakudziwira mthenga woyenera cikhulupiriro. Si iye wosalakwa konse, pakuti wotere kulibe; atola nkhani agwira nchito mofulumira, ndipo aphophonya monga anthu onse. Koma ndiye amene, akalakwa, abwera poyera nati, Dzulo tinanena cakuti, koma tinalakwa. Ndiyenso amene nthawi zina anena coona copweteka a mbali yace. Wailesi imene siinapezepo colakwa mwa mwini wace, kapena cokoma mwa mdani wace, imeneyo iri kuimba nyimbo ya citamando, ndipo tiimvere monga timvera nyimbo. Tisaiwalenso kuti alipo atola nkhani amene anamangidwa ndi kuzunzika cifukwa cakukana kunama. Kuwayesa onse abodza ndiko kuwalipira coipa pa cokoma cao, ndi kukondweretsa onama, amene afuna kuti coona ndi bodza zigulidwe pa mtengo umodzi.

Wina adzadandaula nati, Ine ndine mlimi, ndiribe mabuku, sindingathe kunka ku Lilongwe kukaona ndekha. Mundisenzetsa katundu wolemera. Dandaulo ili nlomveka, ndipo sitiliyesa cabe. Zoonadi, mlandu wa wopeka bodza dala uposa kutali wa iye wonyengedwa mosadziwa. Ndipo munthu wa m'caka ca 1983, wokhala ndi wailesi imodzi ndi mantha pa khomo, sitingamuweruze monga tidziweruza ife okhala ndi zambiri. Koma pali cinthu cimodzi cimene ngakhale wosauka wa osauka ali naco m'manja mwace, ndico kudikira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Coona ca 1959 cinaturuka itapita miyezi inai, ca 1983 zitapita zaka 11. Ndipo nkhani zambiri za masiku a cisankho zimadziulula zokha lisanathe sabata. Palibe munthu anasauka cifukwa cakusunga mbiri m'kamwa masiku atatu. Ndipo pali mau ena aafupi amene sacititsa manyazi munthu wamkuru: Ndamva, koma sindinatsimikize.

Akuru anati, Wotsutsa galu amakumba. Galu akauwa pa una, mlenje wopusa abvomera pomwepo nakauza mudzi kuti wapha nyama. Waulesi ati galuyu ngwabodza, nabwerera kwao cimanjamanja. Koma mlenje weniweni atenga khasu. Cotero yankho lathu ndi ili: inde, khutu liri ndi mlandu, wocepa kapena waukuru monga mwa mpata umene munthu anali nao wakufunsa, nauleka. Tsono, abale, pamene nyengo ya misonkhano ya ndale ifikanso, ndi magalimoto a zimkuzamau adzaza miseu ndi pfumbi, mbiri ikafika pa khomo panu muilandire monga mulandira mlendo wosadziwika: mumpatse mpando, mumfunse kwao ndi amene anamtuma, ndipo musamperekeze kwa mnansi wanu musanadziwe cimene wanyamula m'thumba mwace.