Mulungu Anandibwezera Mpweya

Ine ndine kalipentala, bambo wa ana, ndipo ndimakhala m'mudzi wina pakati pa Chintheche ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Amene mumadutsa pamsewu wa M5 m'bandakucha mwina munaonapo munthu wamtali, wowonda, akuthamanga yekha m'mphepete mwa tala. Ndine ameneyo. Anthu ena kwathu amati mutu wanga sukoka bwino, poti palibe galu kapena mwini ngongole amene akundipirikitsa. Koma ine ndaima kuchitira umboni kuti mapapo amene ndimapumira pothamangapo ndi omwe aja adokotala anawajambula n'kuwapeza ali ndi zilonda. Amene anawachiritsa ndi Mulungu, ndipo sindingakhale chete.

Monga anyamata ambiri a kunyanja kuno, nane ndinapita ku Joni kukasaka moyo. Ntchito ndinaipeza ku Hillcrest, kufupi ndi Durban, yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina. Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba mpikisano wa Comrades, umene unayamba mu 1921. Anthu amathamanga pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90, ndipo msewu wake umadutsa pa Hillcrest pomwepo. Akatswiri akutsogolo sanandidabwitse kwenikweni. Amene anandigwira mtima ndi akumbuyo: agogo a imvi, amayi onenepa, ena akutsimphina, ena atagwirana mapewa. M'mbali mwa msewu anthu osawadziwa n'komwe ankawapatsa madzi, malalanje ndi mbatatesi yowiritsa yothira mchere. Madzulo pa TV tinaona mmene amatsekera mpikisanowo. Akakwana maola 12, mkulu wina amafulatira othamanga n'kuwomba mfuti m'mwamba, ndipo amene watsala ngakhale phazi limodzi salandira mendulo. Ndinanena mumtima kuti tsiku lina nane ndidzathamangako. Zinali zongolakalaka za munthu wathanzi.

Kenaka chifuwa chinayamba. Ndinkatsokomola osalekeza, usiku zofunda zinkanyowa ndi thukuta, chakudya sichinkalowa, ndipo lamba ndinkangomuboola mabowo atsopano. Ntchito inatha. Anzanga a kwathu anasonkha ndalama ya basi, poopa kuti angadzasonkhe yochuluka yonyamulira bokosi. Nditafika kumudzi, mayi anga anandiyang'ana n'kulowa m'nyumba kukalira kuti ndisawaone.

Malangizo anabwera ochuluka. Ena ankati andilodza chifukwa cha malata amene ndinatumiza. Ena ankati ndipite kwa mneneri wina amene salola odwala ake kumwa mankhwala. Mkazi wanga, amene salankhula zambiri, anangoti, "Bambo a ana, mawa tikukwera kabaza, tipite kuchipatala. Kupemphera tikapempherera pamzere pomwepo." Anayeza makhololo, anajambula chifuwa, n'kupeza kuti ndi chifuwa chachikulu, TB. Anandiuza kuti mankhwala ake ndi aulere koma ndi a miyezi 6, tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo ndikasiyira panjira poona kuti ndayamba kupeza bwino, matendawo akhoza kubwerera ali osamva mankhwala.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa maumboni ena amene timamva amasokoneza odwala. Ine Mulungu sanandichiritse usiku umodzi. Anandichiritsa kudzera m'mapiritsi aja, amene ankasandutsa mkodzo kukhala wofiirira mpaka ndinkachita mantha. Anandichiritsa kudzera mwa mlangizi wa zaumoyo amene ankabwera panjinga kudzaona khadi langa. Anandichiritsa kudzera mwa amayi a Umanyano a mpingo wathu, amene ankafika ndi nkhuni, ufa wa kondowole ndi usipa, n'kukhala pamkeka pabwalo kuimba ndi kupemphera, pamene anthu ena ankaopa ngakhale kundipatsa moni wa m'manja. Amene amati kumwa mankhwala ndi kuchepa chikhulupiriro, ine ndimawafunsa kuti nzeru yopangira mankhwalawo inachokera kwa yani.

Nditayamba kupeza bwino, ulendo wanga waukulu unali wochoka pakhomo kukafika kunyanja. Ndinkapuma panjira pansi pa mtengo wa mango, kenaka ndinkakhala pamchenga kudikira asodzi a chilimira akubwerera. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kufika osapuma. Kenaka ndinayesa kuthamanga kuchoka pa pholo la magetsi kufika pa linzake, n'kuyenda, n'kuthamanganso. Adokotala atandiuza kuti makhololo ayera, ndinapita pamsika kukagula nsapato za pakaunjika, ndipo ndi mmene zinayambira.

Kuthamanga kunyanja kuno kuli ndi nyengo zake. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, munthu umathamanga mosangalala. Koma chilimwe chikafika pachimake, mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, nyenje zikulira m'mitengo, nkhungu zikufuka pakati pa nyanja, msewu wa M5 suchitira munthu chifundo. Dzuwa limatuluka molawirira kutsidya kwa nyanja, ndipo ikamakwana 8 koloko tala amakhala atayamba kale kuotcha kupyola m'nsapato. Vuto lina ndi chinyezi. Thupi limadzizizitsa thukuta likamauma pakhungu, koma mpweya wa kunyanja ndi wonyowa kale, choncho thukuta limangoyenderera osauma. Umataya madzi ndi mchere koma kutentha kuli m'thupi momwemo, mtima n'kumagunda mofulumira kuposa liwiro limene ukuthamanga. N'chifukwa chake m'miyezi imeneyi ndimadzuka tambala woyamba, ndimapemphera, ndimamwa madzi, n'kutuluka kusanayere. Ndimathamangira kudzanja lamanja kuti ndiziona galimoto zikubwera, poti magalimoto akuluakulu ochokera ku Dwangwa ndi maminibasi sapatukira munthu wapansi. Ndikafuna mtunda wautali ndimalowera kumpoto, kumene mitengo ya mphira ya ku Vizara imapereka mthunzi ndipo anyamata ogulitsa mipira amandikuwiza. Ndikalowera kumwera ndimafika ku Kande. Ndikabwerako ndimamwa Thanzi, kapena ndimasungunula timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Mpikisano umene sindidzauiwala sunali wotchuka ayi. Unali wa kuno konkuno, wofuna kupeza ndalama za chitukuko china, m'mwezi wa Okutobala. Anatiuza kuti tifike m'mamawa, ndipo tinafikadi, koma mlendo wolemekezeka anachedwa. Atafika panali malonje, pemphero, zolankhula za uyu ndi uyu, ife tili chiimire padzuwa manambala ali pachifuwa. Pamene likhweru linkalira, mithunzi inali itafupika kale. Makilomita oyamba anayenda bwino. Pobwerera, pamalo pamene anati tikapeza madzi tinapeza zigubu zopanda kanthu, poti otsogola anali atamwa ndi kusamba omwe.

Ndinayamba kumva kuzizira pakhungu dzuwa likuswa mtengo, tsemwe lili thupi lonse. Mutu unkagunda, miyendo inkapita kumene sindinaitume, ndipo ndinaiwala ngati ndikulowera ku Chintheche kapena ndikuchokako. Lero ndikudziwa kuti zimenezi ndi zizindikiro zoti thupi latenthedwa mopyola muyeso, ndipo munthu akapitiriza akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Pa nthawiyo ndinangokwanitsa kunena mawu awiri, "Ambuye, ndithandizeni."

Patsogolo panga panatulukira mayi wina wachikulire akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Sanandifunse dzina kapena mpingo. Anatula ndowa n'kundigwira dzanja. "Ada, khalani pansi apa pamthunzi. Mukufuna kufera chiyani?" Anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, anandithira madzi kumutu, m'khosi ndi m'khwapa, anaviika chitenje chake n'kundifunditsa kumsana, kenaka anandimwetsa pang'onopang'ono ndi chikho cha m'manja mwake. Ndowa yonse imene anapopa ndi mphamvu zake inathera pa ine. Maso atayamba kuona bwino ndinati, "Ama, ndikulipireni chiyani?" Iwo anaseka n'kunena kuti madzi a Mulungu salipiritsa, ndipo anatenga ndowa yawo kubwerera kumjigo. Ndinakhala pamthunzipo nthawi yaitali, kenaka ndinayenda wapansi mpaka pomalizira, mipando atayamba kale kupakira. Pambuyo pake wachipatala wina anandiuza kuti zimene anachita mayiwo, kuika munthu pamthunzi ndi kumuziziritsa msanga ndi madzi, ndi chithandizo choyamba chenicheni chimene iwo amaphunzitsidwa. Mayiwo sindinawaonenso ngakhale ndimadutsa pamjigo umenewo kawirikawiri. Sindikunena kuti anali mngelo wa mapiko, ayenera kuti ndi mayi wa m'mudzi wina wapafupi, wa zidzukulu zake ndi munda wake wa chinangwa. Chimene ndikudziwa n'choti anachoka pamjigo pa mphindi yoyenera, ndipo amene anakonza mphindiyo ndi Mulungu.

Patapita nthawi ndinakwera kupita ku Mzuzu kukathamanga nawo mpikisano wa makilomita 21. Msewu wochoka ku Nkhata Bay kudzera pa Mpamba umangokwera, chifukwa nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja zamchere pomwe Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Anzanga a kumeneko ankadandaula kuti kwatentha, ine wa kunyanja ndikumva kamphepo kokoma. Chimene chinandivuta ndi zitunda ndi kupuma. Pachitunda china ndinamva chifuwa chikukoka mpweya mpaka pansi penipeni, n'kuutulutsa wopanda chikhosomolo, wopanda magazi, ndipo misozi inayamba kutsika ndili chithamangire. Mnyamata wina amene tinali limodzi anandifunsa ngati ndavulala. Ndinamuuza kuti ayi, ndikuthokoza. Akatswiri anali atamaliza kalekale. Dziko lathu lili nawo anthu a liwiro, monga Mike Tebulo amene anathamanga marathoni pa Olimpiki ya ku London mu 2012 ndi Kefasi Chitsala amene anathamanga mamita 5,000 ku Rio mu 2016, ndipo ine sindifika ngakhale pafumbi lawo. Koma mendulo ya omaliza ndinailandira, ndipo Lamulungu lotsatira ndinakaionetsa kwa amayi a Umanyano aja. Nthungululu zake zinali ngati pali ukwati.

Nkhani ya Lamulungu inadzabuka ndithu. Mipikisano ina imachitika tsiku limeneli, ndipo mkulu wa mpingo wina anandiitanira pambali kundifunsa maganizo anga. Ndi iye amene anandiuza za Eric Liddell wa ku Scotland, amene pa Olimpiki ya ku Paris mu 1924 anakana kuthamanga mamita 100 chifukwa mpikisano wachipulula unaikidwa Lamulungu, koma anapambana golide pa mamita 400, kenaka anapita ku China kukatumikira monga mmishonale ndipo anamwalira komweko mu 1945 ali m'ndende ya nkhondo. Nkhaniyi inandikhudza kwambiri, chifukwa mpingo wathu unachokera kwa anthu a dziko lomwelo. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe kuno kuchokera ku Cape Maclear mu 1881, asanakwere nayo ku Khondowe mu 1894, ndipo manda a amishonale amene anafera kuno alipobe pa Bandawe wakale, pafupi ndi njira imene ndimathamangamo. Ndinasankha kuti ndizithamanga mipikisano ya Loweruka yokha. Sindiweruza Mkhristu mnzanga amene amathamanga Lamulungu, poti chikumbumtima chake ndi chake. Kwa ine, amene ndinagonapo pamkeka Masabata ambiri ndikumva belu osatha kudzuka, tsiku limenelo miyendo yanga ili ndi kopita kumodzi.

Comrades sindinathamangebe. Marathoni ya ku Blantyre ya makilomita 42.195 ndimaiganizira, ndipo Ambuye akalola ndi ndalama ya basi ikapezeka ndidzapita. Pakali pano pali achinyamata angapo a m'mudzi, ena mwa iwo asodzi, amene ayamba kundidikira pamsewu m'mamawa, ndipo tisananyamuke timavula zipewa n'kupemphera.

Tsono ndikupempheni, abale anga. Inu okonza mipikisano m'chilimwe kunyanja kuno, lizani likhweru dzuwa lisanatuluke, zolankhula zidzabwere pambuyo, ndipo madzi akwanire mpaka kwa womaliza. Inu othamanga, mukamva chizungulire kapena tsemwe padzuwa, imani pamthunzi, kumeneko si kugonja. Ndipo inu amene mwatsokomola masabata awiri osasiya, mukutuluka thukuta usiku, thupi likutha, kaya muli ku Usisya, ku Kande kapena ku Joni, pitani mukayezetse makhololo. Akakupezani ndi TB, imwani mankhwala miyezi yonse 6 uku mukupemphera. Mulungu amene anandidzutsa ine angathe kudzutsanso inu. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Amen.