Ndowa Zathu Zoyezera Maliro

Aliyense amene anagulapo mbatatesi pa Chimbiya amadziwa kuti sutsutsa mtengo usanayang'ane ndowa. Galimoto ikangoima m'mbali mwa msewu wa M1, amayi ndi anyamata amakuunjirira pazenera, wina ndi kabichi, wina ndi nyemba, wina akukuwa kuti "bwana, yanga ndi ya lero lomwe." Ndowa ziwiri zimaoneka zofanana, zonse zodzaza mpaka kusenza mulu. Koma mwa ogulitsa khumi oona mtima sipalephera mmodzi amene ndowa yake anaikhoma pansi kuti palowe m'kati, ndipo umadzadziwa uli kale kunyumba, pokhuthula, kuti theka la ndalama yako wagulira mphepo.

Ndowa yokhomedwa ija imandibwerera m'mutu ndikamva anthu akudzitama kuti mliri wa Covid-19 unatilambalala. Ndawamva paminibasi, ndawamva pasiwa, ndawamvanso paguwa. "Onani ku Joni mmene anathera. Ife kuno Mulungu amatikonda." Ndiye amatchula manambala, ndipo manambalawo ndi oona monga analembedwera. South Africa inalemba anthu oposa 4 miliyoni odwala ndi oposa 102,000 omwalira. Zimbabwe inalemba maliro oposa 5,700, Zambia oposa 4,000, Mozambique oposa 2,200. Ife tinalemba odwala pafupifupi 89,000 ndi maliro osafika 2,700. Tanzania, yomwe ili ndi anthu ochuluka katatu kuposa ife, inalemba maliro osafika 1,000.

Tiyambe ndi Tanzania yomweyo, poti ndowa yake inakhomedwa masanasana, aliyense akuona. Boma la John Magufuli litafika pa odwala 509 ndi omwalira 21 linangosiya kulengeza, ndipo mu Juni 2020 mtsogoleriyo anauza anthu ake kuti mapemphero athetsa matendawa m'dzikomo. Kwa chaka chathunthu nambala inaima pomwepo ngati wotchi yakufa. Magufuli anamwalira pa 17 Malichi 2021, boma linati ndi nthenda ya mtima, ndipo kuwerenga kunayambiranso mu ulamuliro wa Samia Suluhu Hassan. Amene angaike nambala ya Tanzania pambali pa ya Zambia n'kunena kuti a ku Tanzania anapulumuka kwambiri, ameneyo musamutume kumsika.

Nambala ya South Africa ndi yaikulu chifukwa matendawa anapha anthu ambiri kumeneko, inde, komanso chifukwa kumeneko munthu saikidwa m'manda popanda chikalata. Pafupifupi maliro onse amalowa m'kaundula. Nchifukwa chake akatswiri a South African Medical Research Council anatha kuyerekeza maliro a nthawi ya mliri ndi a zaka zam'mbuyo, n'kupeza kuti anthu amene anamwalira mopyola mwa masiku onse anali pafupifupi 300,000, katatu nambala ya boma ija. Dziko lokhala ndi makina oyezera ochuluka chotero linaphonya awiri mwa atatu alionse. Nanga ife tinaphonya angati?

A ku Zambia anayesako kusuzumira pansi pa ndowa yawo. Mu 2020 ofufuza anapita kunyumba yachisoni ya University Teaching Hospital ku Lusaka n'kuyeza matupi 364. Mwa amenewa 70 anapezeka ndi kachilomboka, ndipo 6 okha ndi amene anayezedwapo ali moyo. Ambiri anafera kunyumba, ku makomboni. Kwathu kuno ofufuza anayeza magazi amene anthu amapereka ku Malawi Blood Transfusion Service m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo pofika Meyi 2021 pafupifupi 65 mwa opereka magazi 100 alionse anali ndi zizindikiro zoti kachilomboka kanawadutsa kale m'thupi. Matenda amene tinkati alambalala anali atagona nafe mphasa imodzi.

Malume anga anamwalira mu Januwale 2021, kumudzi, ulendo wa kabaza kuchokera pa Chimbiya. Anali ndi shuga kwa zaka zambiri. Anayamba chifuwa Lachiwiri, Lachisanu n'kumalephera kumaliza mawu osapumira. Azakhali anawafukiza ndi masamba a bulugamu atafunda bulangete, anawaphikira jinja, mandimu ndi adyo. Nditaimba foni kuti tipite nawo kuchipatala, mkulu wanga anati, "Achimwene, kumeneko akangoti ndi kolona sitiwaonanso, adzawaika anthu ovala mapepala, ife tili patali ngati alendo." Loweruka usiku anatisiya. Mfumu inauzidwa, adzukulu anakumba, amayi a Mvano anaimba usiku wonse m'nyumba yotseka mazenera chifukwa cha mvula, ndipo wolengeza pamanda anati chibayo. Mwina chinalidi chibayo. Palibe anawapisa kathonje m'mphuno, palibe analemba dzina lawo m'buku lililonse la boma. Pa maliro 2,700 aja malume anga palibepo, ndipo mwezi umenewo adzukulu a m'mudzi mwathu sanapume.

Sindikunena kuti tinafa ngati a ku South Africa kapena a ku Italy. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi linali lisanakwane zaka 18, pamene matendawa ankalusira kwambiri okalamba ndi odwala shuga kapena BP. Ambiri mwa ife timakhala kumudzi, timagwira ntchito panja, timagulitsa panja. Mphepo ya ku Dedza yomwe timaidandaula mu Juni inatithandiza kuposa malamulo onse amene analengezedwa pawailesi. Koma izi sitinazigwirire ntchito. Kuchepa kwa nkhalamba m'dziko si mendulo yovala pachifuwa, ndi umboni woti anthu athu amafa msanga ndi matenda ena. Chimene chimandiwawa n'choti tinatenga mwayi umenewu n'kuusandutsa chiphaso cha khalidwe labwino.

Khalidwe lake liti? Tiyeni tikumbutsane. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020, patadutsa masabata awiri Zambia italengeza ake pa 18 Malichi, ndi masiku khumi ndi limodzi Mozambique italengeza wake pa 22 Malichi. Tinali ndi nthawi yoonera kwa anansi. Boma la Peter Mutharika linalamula m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo osanena kuti mayi wogulitsa tomato pa Chimbiya adyetsa chiyani ana ake masiku onsewo. Mavenda anakwiya, bungwe la HRDC linathamangira kukhoti, ndipo Justice Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Pamenepo ine sindiimba mlandu wamalonda. Njala ndi mliri umene iye amaudziwa dzina ndi nkhope. Koma patangopita masabata ochepa, atsogoleri a mbali zonse, omwe ankatiuza kuti tikhale motalikirana, anatiunjika m'mabwalo a misonkhano pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, tikupumirana m'makosi, thukuta lili kamukamu. Sukulu zinali zotseka kuyambira pa 23 Malichi. Mwana sankaloledwa kukhala pa desiki, koma ankaloledwa kukwera lole yopita kumsonkhano. Zotsatira zake boma linaziwerenga lokha: atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analowa m'banja m'miyezi imeneyo.

Mu Meyi chaka chomwecho mabasi anabweretsa abale athu ochokera ku Joni kudzera pa Mwanza. Anawasunga pa Kamuzu Stadium, iwo n'kumadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi, ndipo oposa 400 anathawa zotsatira zawo zisanatuluke. Tinawatukwana kuti abweretsa matenda. Ndi anthu omwewo amene ndalama zawo zinafolera nyumba zambiri ndi malata m'midzi mwathu. Tsiku lotumiza ndalama ndi ana athu, tsiku lodwala ndi a ku Joni.

Za malire ndiye musandiseketse. Pa mapu a mliri, Malawi anali ndi mtundu wake, Mozambique wake, ngati pakati pali khoma. Kuno ku Dedza tikudziwa kuti khomalo kulibe. Chipata chili pa boma, kutsidya ndi Calomue, koma njira za njinga ndi zosawerengeka. Ukamatsika msewu kulowera ku Lizulu, dzanja ili ndi Malawi, dzanja ilo ndi Mozambique. Wa ku Angonia amayankhula ngati ife, anakwatira kwathu, amalira maliro athu, ndipo mbatatesi yake imagona mulu umodzi ndi yathu. Malole ochokera ku Beira ndi ku Tete amadutsa pa Chimbiya usana ndi usiku, madalaivala n'kutsika kudzagula chiwaya. Munthu wotsokomola ku Ulongue Lolemba akhoza kukhala pamaliro kwathu Lachitatu. Akafa, dziko liti limuwerenge? Nthawi zambiri palibe.

Januwale 2021 ndiye anatitsegula maso, kwa kanthawi. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Bingu National Stadium inasanduka chipatala. Mabanja ankayendayenda kufunafuna silinda ya okosijeni, ndipo anthu wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake, anachita kusonkherana pa Facebook kuti agulire zipatala zipangizo. Nthawi yomweyo kunamveka kuti K6.2 biliyoni imene boma linatulutsa kuti ilimbane ndi mliri yayenda njira zokhota. Kafukufuku wa owerengera ndalama za boma anapeza maalawansi osayenera ndi katundu wogulidwa mosatsata malamulo, ndipo mu Epulo Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito Ken Kandodo. Kale kwathu munthu wakuba pamaliro ankasowa pokhala m'mudzi. Mbale ya chipepeso inkayenda m'manja mwa anthu zana osasowa tambala. Lero munthu wophunzira amasayinira alawansi ya msonkhano wokambirana za anthu amene akubanika, n'kubwera Lamulungu kudzakhala mpando wakutsogolo, ife n'kumuombera m'manja kuti wadalitsika.

Katemera atafika, woyamba pa 5 Malichi 2021, mphekesera zinali zitafika kale. Pa WhatsApp ankati ndi chizindikiro cha chilombo, ena ankati aumitsa mimba za atsikana. Pa 19 Meyi nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda inatsogolera kutentha katemera 19,610 wotha mphamvu pa Kamuzu Central Hospital. Zoona, anabwera atatsala pang'ono kutha masiku. Komabe ndikudziwa aphunzitsi anzanga akale, anthu owerenga nyuzipepala, amene anazemba jakisoni akunena mawu omwe aja: ife kuno sizitigwira, si ku Joni kuno.

Bungwe la WHO linanena mu Meyi 2022 kuti m'zaka za 2020 ndi 2021 mliriwu unatenga anthu pafupifupi 14.9 miliyoni padziko lonse, pamene maboma analemba 5.4 miliyoni. Ndowa zokhomedwa zinali ponseponse, si ife tokha. Kusiyana kwake n'koti ena atadziwa anachita manyazi n'kuyamba kufunsa kuti akonze pati. Ife tinapukusa mutu pomvera chisoni anansi, n'kuchotsa zidebe zosambira m'manja pakhomo pa sitolo. Chaona mnzako chapita, akuluakulu anatero, ndipo mawa lake silinachedwe. Kolera inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, inafalikira m'maboma onse, inapha anthu oposa 1,700. Nthendayi ndi ya madzi ndi sopo, ya chimbudzi ndi chivundikiro, yomwe agogo athu ankaidziwa kale. Ulendo uno panalibe wa ku Joni woti timuloze chala. Kumayambiriro kwa 2024 inasautsa Lusaka mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala, ndipo ndinamvanso wina paminibasi akuti, "Koma a ku Zambia ndi auve."

Mwezi wathawu ndinaima pa Chimbiya pochokera kukaona manda a malume. Kutsogolo kwa golosale ina ndinazindikira chidebe chobiriwira chokhala ndi kampopi, cha mtundu umene unagawidwa nthawi ya mliri. Kampopi anakamanga ndi pulasitiki, m'katimo mwadzaza thobwa. Ndinafunsa mayi wogulitsayo ngati kumudzi kwawo kolona inapha anthu.

"Kwathu ayi, bambo," anatero akutsuka kapu m'beseni la madzi otuwa. "Chaka chimenecho kunangochuluka chibayo basi. Apongozi anga, a mfumu akale, ndi abusa a mpingo wa kuseriku, onse mwezi umodzi. Ndikuthirireni ya zingati?"