Mkazi wa Yerobiamu ndi zithunzi zimene timatumiza kumudzi

Mawu a sabata ino: 1 Mafumu 14:1-18 ndi Yohane 20:24-29



Pakati pa anthu ojambula zithunzi pali mtsutso umene sunathe mpaka lero. Ena amati chithunzi chabwino chimapangidwa pa nthawi yojambulayo. Uone kumene kuwala kukuchokera, uimike munthu pamalo oyenera, udikire, kenako udine batani. Ena amati zonsezo n'kudzivutitsa, ingojambula basi, zotsalazo ukakonza pa kompyuta kapena pa foni. Sabata ino tiyeni tiunike mtsutso umenewu, chifukwa aliyense wa ife ali ndi kamera m'thumba, ndipo funso lake likufika mpaka mumtima.

Achikulire akukumbukira wojambula wa panjinga amene ankazungulira m'midzi ndi kamera pakhosi. Filimu yake inkatenga zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo chilichonse chinali ndalama. Ndiye chifukwa chake ankachedwa nanu. Ankakuchotsani pansi pa mtengo wa mango kuti nkhope ioneke, ankasuntha ndowa imene inali kumbuyo kwanu, ankakuuzani kuti musagwedezeke. Mukatero munkadikira masiku angapo kuti akatsukitse kutauni. Ngati munaphethira, ndiye kuti munaphethira mpaka kalekale.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1975, pamene Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak anapanga kamera yosafuna filimu. Kamerayo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Mu 1990 kampani ya Adobe inatulutsa Photoshop, pulogalamu imene anaipanga Thomas Knoll ndi m'bale wake John. Lero zimene kale zinkafuna katswiri, mwana wa sukulu akuzichita ndi chala chimodzi ali m'basi.

Tisafulumire kunena kuti kukonza chithunzi ndi tchimo. Diso la kamera si diso la munthu. Ansel Adams, katswiri wa ku America, anajambula mwezi ukutuluka pamudzi wa Hernandez ku New Mexico mu 1941, ndipo pa zaka zotsatira, potsuka chithunzicho, ankadetsa thambo kuti mwezi ndi mitanda ya kumanda zioneke bwino. Sanaikemo mwezi wina. Anangoonetsa bwino umene unalipo. Ndipo ife a khungu lakuda nkhaniyi tikuidziwa. Kwa zaka zambiri otsuka zithunzi ankayeza mitundu pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lokhala ndi mayi wachizungu, lotchedwa Shirley, moti nkhope zakuda zinkatuluka zosaoneka bwino. Ngakhale lero, mukaima kutsogolo kwa windo lowala kapena pa chipale chofewa, kamera imaona kuyera kochuluka n'kuchepetsa kuwala, ndiye nkhope yanu imalowa mumdima. Munthu akaiwalitsa nkhopeyo pa foni kuti agogo kumudzi akuzindikireni, sananame. Wabweza choonadi chimene kamera inabisa.

Koma kukonza kuli ndi malire ake, ndipo apa mumvetsere bwino. Chithunzi wamba cha JPEG chimasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Fayilo ya RAW ya makamera ambiri akuluakulu imatha kusunga masitepe 16,384, ndiye chifukwa chake akatswiri amaikonda, pakuti mumthunzi mumatsala zambiri zoti n'kuzitulutsa. Komabe kuwala kukapyola sitepe yomaliza, palibe chimene chimalembedwa. Jambulani amayi a chigwirizano atavala yunifolomu yoyera padzuwa la masana, bulauzi n'kupserera. Mabatani, ulusi ndi mapindo ake zapita. Mukayesa kudetsa, mungopeza chigamba chotuwa. Chimodzimodzi dzanja likagwedezeka, nkhope n'kuchita chimbuuzi. Mapulogalamu atsopano a AI amatha kukupatsani nkhope yooneka bwino pamenepo, koma amachita kuganizira, potengera nkhope za anthu ena ambirimbiri zimene anaphunzirapo. Maso amene akupatsaniwo si amene anali pamenepo tsiku lija.

Ndiye malire ake ndi awa: ukhoza kutulutsa chimene kuwala kunalemba, koma ukayamba kuikamo chimene kunalibe, kapena kuchotsa chimene chinalipo, wasiya kukonza, wayamba kupeka. Atolankhani malire amenewa amawadziwa. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza kuti ayandikane n'kukwana pachikuto, ndipo mpaka lero anthu akuitchulabe nkhaniyo. Mu 2003 Brian Walski wa nyuzipepala ya Los Angeles Times anaphatikiza zithunzi ziwiri za msilikali wa Britain ndi anthu wamba ku Iraq kuti zikhale chimodzi chokoma. Anthu ena akumbuyo anaoneka kawiri, ndipo ntchito inamuthera pomwepo. Inu a ku Britain mukukumbukira za pa 10 Malichi 2024, pamene mabungwe ofalitsa nkhani monga AP, Reuters ndi AFP anachotsa chithunzi cha Catherine, Princess of Wales, ali ndi ana ake, ataona kuti chinasinthidwa. Mawa lake mayiyo anapepesa. Onani kuti chimene chimatayika pa nkhani zonsezi si chithunzi chimodzicho ayi. Anthu amayamba kukayikira ndi zina zonse zimene unajambula moona.

Tsopano titsegule Baibulo. Yerobiamu anali mfumu ya mafuko khumi a Israyeli. Amene anamuuza kuti adzakhala mfumu anali mneneri Ahiya wa ku Silo, tsiku lija anang'amba chovala chatsopano zidutswa khumi ndi ziwiri n'kumupatsa khumi. Koma atakhala pampando, Yerobiamu anaopa kuti anthu akamapita kukapembedza ku Yerusalemu mitima yawo idzabwerera kwa nyumba ya Davide. Choncho anapanga anaang'ombe awiri agolide, wina anamuika ku Beteli, wina ku Dani.

Kenako mwana wake Abiya anadwala. Yerobiamu anakumbukira mneneri uja, koma anadziwanso kuti alibe nkhope yoonekera nayo kwa iye. Ndiye anatani? Anauza mkazi wake kuti adzisinthe, asadziwike kuti ndi mkazi wa mfumu, atenge mikate khumi, timakeke ndi nsupa ya uchi, mphatso ya munthu wamba, apite ku Silo akafunse za mwanayo. Taganizani, abale: mayi uja akuvula zachifumu, akuvala zamunthu wamba, akuyeserera kayendedwe kena, pamene mneneri amene akupita kukamunamizayo anali atakalamba, maso ake osaonanso. Ntchito yonse ija inali yokonzera chithunzi munthu wakhungu. Ndipo Mulungu anali atamuuza kale Ahiya amene akubwera. Atangomva mapazi pakhomo, anamuitana monga mkazi wa Yerobiamu, n'kumufunsa chifukwa chimene ankadzionetsera ngati munthu wina.

Nkhaniyi ili ndi mathero owawa, pakuti mwanayo anamwalira mayi ake atangofika pakhomo ku Tiriza. Wina amene mwana wake akudwala asatenge mawuwa ngati chiweruzo chake, chifukwa Malemba omwewo akuti m'nyumba yonse ya Yerobiamu, mwa mwanayo ndi mmene Mulungu anapezamo chokoma. Mlandu unali wa bambo. Yerobiamu ankadziwa pamene panalakwika. Panali pa Beteli ndi pa Dani. Akanatha kutuma anthu kukagwetsa mafano aja, n'kupita yekha ku Silo ndi nkhope yakeyake. M'malo mwake anasiya mafano ali chiimire, n'kusintha zovala za mkazi wake. Ankafuna kukonza pambuyo chimene anakana kukonza pa nthawi yake.

Nanga ife? Palibe cholakwa kuvala bwino Lamlungu n'kujambulitsa, abale akondwere kuti tili moyo. Koma tiyeni tinene zoona. Alipo amene amaima pafupi ndi galimoto ya abwana, chithunzi n'kupita pa WhatsApp popanda mawu ofotokoza. Alipo amene amadula chithunzi kuti matiresi a anthu anayi ogona chipinda chimodzi asaoneke. Alipo mabanja amene pa Facebook amagwirana manja, koma m'nyumba papita miyezi osalankhulana. Alipo ana athu aakazi amene amayeretsa khungu ndi filter mpaka kuyamba kudana ndi nkhope imene amaiona pagalasi. Makolo anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina mukuti, kodi zimenezi zikupweteka ndani? Zikupweteka mng'ono wanu amene waona galimoto ija, wagulitsa munda, wakwera basi ya ku Joni popanda mapepala, akukhulupirira kuti kuno ndalama amachita kutola. Zikupweteka ubale wanu, pakuti mukadzanena kuti mwezi uno mulibe, akumudzi adzati mukuwamana, poti chithunzi chinawauza zina. Ndipo zikupweteka inu mwini. Munthu amene amaoneka kuti zonse zili bwino palibe amamufunsa ngati wadya. Mpingo sungapempherere bala limene mwalifufuta pachithunzi. Ambiri a ife kuno tikusenza tokha katundu wa mapepala, wa ngongole, wa kusowa tulo chifukwa cha ntchito za usiku, osati chifukwa abale ndi ouma mtima, koma chifukwa tinawatumizira chithunzi cha munthu wosasowa kanthu.

Wojambula wa panjinga uja ali ndi zotiphunzitsa. Choyamba, ankatitembenuzira kumene kuli kuwala. Pa Yohane 3, Yesu akufotokoza kuti wochita zoipa amathawa kuwala poopa kuti ntchito zake zingaonekere, pamene wochita choonadi amabwera poyera. Kutembenukira ku kuwala ndiko kuulula: kwa Mulungu, komanso kwa munthu mmodzi wokhulupirika amene angakusungireni chinsinsi. Chachiwiri, ankachotsa ndowa asanajambule, osati pambuyo. Ngati pali Beteli wina m'moyo mwanu, kaya ndi nambala imene mumafufuta mauthenga ake musanalowe m'nyumba, kaya ndi ndalama za gulu zimene munabwereka mwakachetechete, chotsani chinthucho, musamangofufuta zizindikiro zake. Chachitatu, ankadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati nyumba simunamange, simunamange. Nthawi yake ikadzakwana mudzajambula yeniyeni, ndipo simudzaopa kuti wina angabwere kudzaiona.

Tsono wina afunsa kuti, nanga zimene zinapserera kale? Zaka zimene ndinataya, mawu amene ndinanena, ana amene anakula ine kulibe? N'zoona, palibe pulogalamu imene ingabweze zimenezo. Koma uthenga wabwino ndi wakuti Mulungu safuna kuti mumubweretsere chithunzi chokonzakonza. Onani chithunzi cha banja la Yesu pa Mateyu 1. Muli Tamara, muli Rahabu, muli Rute wa ku Mowabu, muli amene anali mkazi wa Uriya. Wina aliyense wofuna kutchuka akanawadula amenewa, koma Mateyu anawasiya momwemo. Onani Petro: Mauthenga Abwino onse anayi akusimba kuti anakana Ambuye wake, ngakhale kuti pa nthawi imene ankalembedwa iye anali atadziwika kale monga mzati wa mpingo. Palibe anafufuta tambala uja. Ndipo chifukwa sanamufufute, aliyense amene anagwapo amawerenga n'kupeza chiyembekezo.

Koposa zonse onani Ambuye mwini. Anauka kwa akufa ndi thupi la ulemerero, lotha kulowa m'nyumba zitseko zili zotseka. Akanafuna, akanauka wopanda chipsera. Koma pamene Tomasi anakana kukhulupirira, Yesu anamuonetsa manja obooledwa ndi nthiti yolasidwa. Tomasi anamuzindikira ndi mabala. Mkazi wa Yerobiamu anabisa chimene anali, nabwerera ndi uthenga wowawa. Yesu anaonetsa zimene anamuchita, ndipo wokayika uja anagwa m'chikhulupiriro. Mulungu amene sanafufute zipsera za Mwana wake sachita manyazi ndi zanu. Iye sapaka utoto pa moyo wakale. Amakhululuka, n'kulenga watsopano, monga Paulo akuphunzitsira pa 2 Akorinto 5.

Sabata ino chitani chinthu chimodzi. Musanatumize chithunzi kumudzi, dzifunseni ngati amene achilandire akhulupirire chinthu chimene inu mukudziwa kuti si choona. Ngati ndi choncho, onjezani mawu ofotokoza, kapena tumizani china. Ndipo imbirani foni m'bale mmodzi wa mumpingo, mumuuze mmene zinthu zilili ndithu. Inu amene mwaimbiridwa, mverani, pempherani naye, ndipo nkhaniyo ithere mwa inu.

Tipemphere. Atate wathu, Inu mumatidziwa ndi mapazi tisanagogode pakhomo. Tikhululukireni pamene tasintha zovala m'malo mosintha mtima. Tipatseni kulimba mtima kuti tiime m'kuwala kwanu monga tilili, ndipo mutichotsere mantha a zimene anthu anganene. Kumbukirani abale athu osowa mapepala, osowa ntchito, ndi amene akulira m'nyumba zooneka zamtendere. Sungani makolo ndi ana athu kumudzi. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, amene anatikonda mpaka mabala. Ameni.