Madzi saiwala khwawa

Mwambi uwu timakonda kuutchula podzudzula: bambo wabwerera kwa mkazi amene anasiyana naye, kapena chidakwa chayambiranso kachasu. Koma ndikaganizira za Warsaw, likulu la dziko la Poland, ndimaona kuti kubwerera kukhwawa n'kumene kunaukitsa mzindawo.

Pa 1 Ogasiti 1944 anthu a mumzindawu anaukira asilikali a Germany amene anawalanda dziko. Analimbana masiku 63, kenako anagonja. Otsala anathamangitsidwa, ndipo asilikaliwo anayenda msewu ndi msewu akutentha nyumba ndi kuphulitsa matchalitchi. Pofika Januwale 1945, nyumba pafupifupi 85 pa 100 zilizonse zinali zitagwa. Panali ngakhale maganizo oti likulu lisamukire ku Łódź.

Eni mzinda sanadikire chilolezo cha munthu. Anabwerera wapansi, chisanu chili pachimake, n'kumagona m'zipinda zapansi pa mabwinja. Pamakoma otsala ankalembapo mayina awo ndi kumene akukhala, kuti wachibale amene wapulumuka awapeze.

Katswiri wa zomangamanga Jan Zachwatowicz analimbikira kuti chigawo chakale cha mzinda chimangidwenso monga chinalili. Amisiri anadalira mapulani akale komanso zithunzi zimene Bernardo Bellotto anajambula ndi penti cha m'ma 1770. Anthu wamba, amayi ambirimbiri pakati pawo, ankafukula njerwa m'mabwinja, kuzipala matope akale, n'kumapatsirana dzanja ndi dzanja mpaka mulu utakula. Bwalo la msika linatha mu 1953. Nyumba yachifumu inadikira mpaka 1971, ndipo inamangidwa ndi ndalama zimene anthu anasonkha, a kumudzi ndi okhala kunja omwe. Bungwe la UNESCO linalemba chigawochi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1980.

Alipo amene amati nyumbazo n'zachinyengo, zooneka zakale pamene ndi zadzulodzulo. Ine sindivomereza. Adaniwo anafuna kuti mwana wobadwa mawa asadzadziwe kumene agogo ake ankagula buledi, ndipo zenera lililonse lobwezeredwa pamalo pake linali kukana chiwembu chimenecho. Mtima wosagonjawu ulipobe: chaka chilichonse pa 1 Ogasiti, 5 koloko madzulo, masailini amalira ndipo magalimoto ndi anthu amaima m'misewu.

Komabe si madzi onse amene anabwerera, ndipo apa mpamene mtima wanga umawawa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Warsaw anali Myuda. Anatsekeredwa m'chigawo chozingidwa ndi khoma mu 1940, ndipo mu 1942 oposa 250,000 anatengedwa pasitima kupita kukaphedwa ku Treblinka. Otsala ataukira mu Epulo 1943, chigawo chonsecho chinasalazidwa. Nkhondo itatha kunalibe eni oti akaloze pamene panali khomo lawo, choncho dera la Muranów silinabwezeredwe mmene linalili. Anamangapo nyumba zatsopano pamwamba pa mabwinja, ndi njerwa zoumbidwa kuchokera ku zidutswa zomwezo, n'chifukwa chake nyumba zina kumeneko zili pa timitunda ndipo umachita kukwera masitepe kuchokera mumsewu. Nyumba yosungiramo mbiri ya Ayuda a ku Poland, yotchedwa POLIN, inatsegulidwa m'derali mu 2013, patatha zaka 70 chiwonongedwereni chigawocho.