Tsoka Lolosedwa ndi Chifuniro cha Mulungu

Mu Seputembala 2024 chipale chofewa, chomwe ndi madzi oundana ogwa kuchokera kumitambo ngati ufa, chidatsekereza magalimoto ambiri usiku wonse pa msewu wa N3 pafupi ndi Van Reenen's Pass ku South Africa, ngakhale kuti bungwe loona zanyengo la South African Weather Service lidali litachenjeza kale. Funso ndi lakuti kaya tsoka lolosedwa lingatchedwebe chifuniro cha Mulungu. Pamene kugumuka kwa phiri kumatchedwa ulendo wa Napolo, chinjoka cha pansi pa nthaka, monga ku Phalombe mu 1991, wolakwa sapezeka. Koma chenjezo likamveka, gawo la mlandu limagwera wolimva, ngakhale kuti dalaivala wa lole wolembedwa ntchito sasankha yekha tsiku lonyamuka.